Zoyenera Kudziwa Musanaitane Mmisiri wa Chitseko

Mwezi wa Sepitembala chaka chatha ndinaitanidwa ku Chimwemwe, mumzinda wa Kitwe, ndi mnyamata wina amene anamaliza maphunziro ake pano zaka zitatu zapitazo. Iye amaweta nkhuku za nyama kuseri kwa nyumba ya makolo ake, ndipo ntchitoyo inamuyendera bwino kotero kuti anamanga kachipinda kosungiramo chakudya cha nkhuku ndi feteleza. Usiku wina akuba anatulutsamo matumba 6 a chakudya ndi matumba 2 a feteleza, banja lonse lili m'tulo chapafupi pomwepo. Palibe amene anamva kanthu.

Nditafika anandionetsa loko, nati, "Aphunzitsi, taonani, loko ali bwinobwino, sanathyoledwe." Ankanena zoona. Chimene chinagonja chinali chitseko. Chinapangidwa mu Febuluwale ndi matabwa a paini ongochekedwa kumene, ndipo tsiku lochiika chinakwana bwino lomwe. Pofika Sepitembala matabwawo anali atauma, chitseko chinachepa m'lifupi n'kupotoka, ndipo pakati pa chitseko ndi felemu panatsala mpata wolowa chala. Lilime la loko, kachitsulo kaja kamene kamalowa mu felemu mukatembenuza kiyi, linkangogwira ndi kansonga chabe. Wakuba anangopisa chitsulo pampatapo n'kukankha pang'ono.

Mnyamatayo anali atakangana kale ndi kalipentala wake. Iye ankati mmisiriyo anamunyenga. Mmisiriyo ankati anapatsidwa masiku 4 okha ndi ndalama zosakwanira matabwa ouma, ndiponso kuti anachenjeza. Panalibe pepala, panalibe mboni, ndipo ndalama zonse zinaperekedwa ntchito isanayambe. Ndikhulupirira kuti aliyense wa iwo ankanena zoona monga momwe ankazikumbukira.

Pano timakuphunzitsani kulima, kuweta ndi kusunga zokolola, koma mbewu, feteleza, mankhwala, chakudya cha ziweto ndi zokolola zomwezo zimagona kuseri kwa chitseko. Sikofunika kuti mlimi aliyense akhale kalipentala. Chofunika n'chakuti adziwe zokwanira kufunsa mafunso oyenera ntchito isanayambe, ndiponso kuiyesa ntchitoyo asanapereke ndalama yomaliza. Zimenezo ndizo ndifuna kufotokoza m'nkhani ino.

Mmene udindo wokonza nyumba unafikira kwa ife

Ambiri mwa inu mukachoka pano mumakakhala m'makomboni a Kitwe ndi Ndola, n'kumalima minda ya m'mphepete mwa tauni kapena kuweta kuseri kwa nyumba. Nyumba zambiri za kumeneko ndi zakale. Za ku Wusakile ndi Chamboli zinamangidwa ndi mgodi kuti muzikhala antchito ake. Za ku Chimwemwe, pamodzi ndi za ku Chifubu, Kabushi ndi Masala ku Ndola, zambiri zinali za khonsolo. Masiku amenewo chitseko chikaguluka, wokhalamo ankakanena ku ofesi, ndipo udindo wotumiza mmisiri unali wa mgodi kapena wa khonsolo.

Zinthu zinasintha mu 1996, pamene boma la Pulezidenti Frederick Chiluba linayamba kugulitsa nyumba za khonsolo kwa anthu okhalamo. Nyumba za kampani ya migodi ya ZCCM zinatsatira, ndipo pofika 2000 migodi ikuluikulu inali itagulitsidwa kwa makampani oima paokha. Anthu anakondwa kukhala eni nyumba, koma pamodzi ndi nyumbazo analandiranso zitseko ndi mafelemu amene anali atatumikira kale zaka makumi angapo. Kuyambira pamenepo, wosankha mmisiri, womulipira ndi wolira ntchito ikalakwika ndi mwini nyumba yekha.

Amisiri alipo ambiri. Ena anaphunzitsidwa ndi migodi, ndipo ntchito itawathera anatsegula timashopu tawo n'kuphunzitsanso achinyamata. Mukayenda m'mbali mwa misewu ndi kufupi ndi misika mupeza zitseko zitaimikidwa mondondozana, zina zopangidwa ndi munthu wa luso la zaka 30, zina ndi munthu amene anagwira sowo koyamba chaka chatha. Zikapakidwa vanishi zonse zimawala mofanana, ndipo diso lokha silingazisiyanitse.

Ntchito imodzi, amisiri atatu

Chimene timangochitcha chitseko chili ndi zigawo zitatu: chitseko chenichenicho, felemu imene akuluakulu amaitcha mphuthu, ndi zitsulo zake, ndizo mahinjesi ndi loko. Kawirikawiri zigawozi zimadutsa m'manja osiyana. Womanga nyumba ndiye amaimika felemu m'khoma, kalipentala amapanga chitseko cha matabwa n'kuchipachika, ndipo wowotcherera amapanga cha chitsulo. Ntchito ikalakwika, kalipentala amaloza womanga, womanga amaloza wogulitsa felemu, mwini nyumba n'kutsala pakati.

Njira yopewera zimenezi ndi kusankha mmisiri mmodzi amene adzayankhe pa ntchito yonse, ngakhale atabwera ndi anzake omuthandiza. Ngati felemu ilipo kale, mmisiri wa chitseko abwere adzaiyese yekha asanatchule mtengo, ndipo ngati ili yokhota anene pomwepo. Mmisiri wotchula mtengo pafoni, khomo asanalione, adzakupemphani ndalama zina ntchito ili mkati.

Thabwa liume monga chimanga

Aliyense wa inu amadziwa kuti bungwe la Food Reserve Agency limafuna chimanga chimene chinyezi chake chatsika kufika pa 12.5 peresenti, ndipo mumadziwa chimene chimachitika chimanga chosauma chikaikidwa m'thumba. Nzeru yomweyo itengereni ku matabwa. Thabwa la paini longochekedwa kumene likhoza kukhala ndi madzi okwana theka la kulemera kwake. Madziwo akamatuluka, poyamba thabwa limangopepuka. Chinyezi chikatsika kupyola pa 30 peresenti, thabwalo limayamba kuchepa. Limachepa kwambiri m'lifupi, pamene m'litali silisintha kwenikweni, ndipo popeza mbali zake sizichepa mofanana, limakhota kapena kupotoka. Thabwa loyenera chitseko ndi limene chinyezi chake chatsika kufika pakati pa 12 ndi 15 peresenti.

Kuno ku Migodi nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa cha nyengo yathu. Timalandira mvula yoposa mamilimita 1,000 pachaka, kuyambira Novembala mpaka Epulo, kenaka miyezi yotsatira kumauma gwa. Thabwa, ngakhale louma, limamwa chinyezi cha mumpweya m'dzinja n'kutupa, ndipo m'chilimwe limachibweza. N'chifukwa chake chitseko chopangidwa ndi matabwa aawisi mu Febuluwale chimasiya mipata mu Sepitembala, pamene choikidwa mothinana mu Okutobala chimakana kutsekeka mu Januwale. Nthawi yabwino yopangitsa chitseko ndi kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, koma mmisiri asiye kampata koti chidzatupire.

Matabwa ambiri a m'matauni athu ndi a paini ndi bulugamu, ochokera m'nkhalango zobzalidwa za kampani ya ZAFFICO, imene likulu lake lili ku Ndola. Popeza nkhalangozo zili pafupi, thabwa limatha kufika pamsika patangopita masiku ochepa mtengo utagwetsedwa. Paini ndi wopepuka ndi wosavuta kupala, koma chiswe chimamukonda, choncho ayenera kukhala wothiridwa mankhwala, ndiponso asakhudze dothi. Bulugamu ndi wolimbirapo, koma akapanda kuumitsidwa bwino amang'aluka ndi kupotoka koposa. Mlombwa, umene ogulitsa kuno amautcha mukwa, ndiwo umatchuka pa zitseko zakunja, chifukwa suchepa kwambiri pouma ndipo chiswe sichiulowa msanga. Komabe mphamvu imeneyo ili mumtima wa mtengo, wofiirira uja. Mbali yoyera ya kukhungwa imafumbwa, ndipo amisiri ena amaibisa ndi vanishi wakuda. Pemphani kuona chitseko chisanapakidwe kanthu. Kumbukiraninso kuti mitengo yachilengedwe imatetezedwa ndi lamulo la nkhalango la 2015, choncho gulani kwa amene ali ndi chilolezo.

Mungadziwe bwanji kuti thabwa lauma? Mashopu ena ali ndi kamakina koyesera chinyezi, kofanana ntchito ndi kamene mumayesera chimanga. Ngati palibe, nyamulani thabwalo. Laliwisi limalemera ndipo limazizira m'manja, utuchi wake umamatana mukaufinya, ndipo mukaligogoda limalira mogonthera. Njira yodalirika koposa ndi sikelo yanu ya nkhuku. Dulani kachidutswa, mukayese, mukaike m'nyumba sabata ziwiri, n'kukayesanso. Ngati kulemera kukutsikabe, matabwawo sanaume. Amene ali ndi nthawi agule matabwa msanga, awasanje pamthunzi podutsa mphepo, pamwamba pa njerwa, ndi timitengo topingasa pakati pa thabwa ndi thabwa. Paini wa mamilimita 25 amafuna miyezi iwiri kapena kuposerapo m'chilimwe, ndipo mitengo yolimba imafuna nthawi yotalikirapo.

Palinso zitseko zosalala zopepuka zija, zimene mkati mwake muli mphako ndipo kunja zimakutidwa ndi kathabwa kopyapyala. Zimenezo ndi za zipinda za mkati mwa nyumba. Zikaikidwa panja mvula imazisenda, ndipo phazi limodzi limaziboola.

Felemu ndiwo mmera

Akuluakulu anati mmera m'poyamba. Pa ntchito imeneyi mmera wake ndi felemu, pakuti ikaima mokhota palibe kalipentala amene angaongole chitseko. Iye adzangochipala uku ndi uku mpaka chilowe, ndipo mipata idzatsala.

Zitseko zambiri zogulitsidwa m'mashopu ndi za mamilimita 813 m'lifupi ndi 2,032 m'litali. Manambala achilendowa ndi muyeso wakale wa mafiti 2 ndi mainchesi 8, kwa mafiti 6 ndi mainchesi 8. Koma musaganize kuti khomo lililonse ndi lotero. M'nyumba zakale makoma anasuntha, pansi panathiridwanso simenti kapena matailosi, ndipo zipinda zowonjezera zinamangidwa ndi anthu osiyanasiyana. Khomo liyesedwe m'lifupi pamwamba, pakati ndi pansi, ndiponso m'litali mbali zonse ziwiri. Mukatero yesani mopingasa, kuchokera pangodya ya pamwamba kumanzere kufika pangodya ya pansi kumanja, kenaka mbali inayo. Miyeso iwiriyo ikafanana, felemu ili bwino. Ndi njira yomwe ija timagwiritsa ntchito poyala maziko a khola. Kuti muone ngati yaima chilili, gwiritsani levulo kapena chingwe chomangirira kamwala.

Felemu yachitsulo igwirizane ndi kuchindikala kwa khoma, kaya ndi la mabuloko a mainchesi 4, 6 kapena 8. Kumbuyo kwake kuli timalilime tachitsulo timene tiyenera kulowa m'mizere ya simenti pamene khoma likukwera, ndipo mphako ya felemuyo idzazidwe ndi simenti yosakaniza ndi mchenga. Gogodani felemu ndi kiyi. Ikalira ngati chitini, mkati mulibe kanthu, ndipo wakuba akhoza kuipinda ndi chitsulo. Pomanga, pakati pa felemu paikidwe thabwa lopingasa kuti simenti isaikankhire mkati, ndipo chitseko chisapachikidwe tsiku lomwelo. Dikirani masiku 7 kuti simenti igwire. Pamwamba pa khomo pakhale lintala yopitirira mbali iliyonse ndi mamilimita osachepera 150, chifukwa felemu siinapangidwe kuti isenze khoma. Mukaona mng'alu wochokera pangodya ya khomo kukwera m'mwamba, itanani womanga poyamba, kalipentala pambuyo.

Zinthu ziwiri muzisankhe felemu isanagulidwe. Choyamba, chitseko chidzatsegukira mbali iti, ndipo mahinjesi adzakhala kumanja kapena kumanzere? Felemu yachitsulo imabwera ndi mahinjesi ake owotcherera kale. Chachiwiri, pakhomopo padzadutsa chiyani? Khomo la chipinda chosungiramo katundu likhale lotakata mokwanira wilibala ndi munthu wosenza thumba la makilogalamu 50. Mamilimita 900 kapena kuposerapo amapeputsa ntchito. Chipinda cha mankhwala ophera tizilombo chikhale ndi loko amene ana sangamutsegule, chitseko chake chitsegukire kunja, ndipo mpweya uzidutsa.

Chitseko cha khola chopangidwa ndi matabwa oimirira, omangidwa ndi ena opingasa kumbuyo, chimafuna thabwa lopendekeka lochichirikiza. Thabwalo liyambire pansi kumbali ya mahinjesi, likwere kumka kumbali ya loko. Likaikidwa mosemphana, chitseko chimagwa mphuno n'kuyamba kukhula pansi.

Zitseko zachitsulo

Ambiri tsopano akukonda chitsulo chifukwa cha akuba ndi chiswe. Nachonso chili ndi pobisalira chinyengo. Chitsulo chopyapyala ndi chochindikala zimaoneka chimodzimodzi zikapakidwa penti. Pa chitseko chakunja pemphani chitsulo chosachepera mamilimita 1.2, ndipo muyesowo ulembedwe. Kankhani pakati pa chitseko ndi chikhatho. Chikabonyoka n'kubwerera chikulira, n'chopyapyala. Yang'anani mowotcherera, makamaka pamahinjesi ndi pamene pakhala loko. Timadontho tapatalipatali timaguluka ndi nyundo imodzi. Penti woyamba, wofiira uja woletsa dzimbiri, apakidwe paliponse, ndi pansi pomwe, penti wokongoletsa asanabwere.

Mlimi akumbukire kuti feteleza ndi zitosi za nkhuku zimadya chitsulo msanga. Matumba a feteleza asatsamire chitseko, ndipo chitseko chachitsulo cha pakhola chizipakidwanso penti kawirikawiri. Akumbukirenso kuti wowotcherera amadalira magetsi. Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri patsiku, ndipo amisiri okhulupirika omwe ankalephera kusunga masiku. Funsani ngati ali ndi jenereta, ndipo pogwirizana za tsiku siyani malo a zoterezi.

Chenjezo lina likhudza moyo. Nyumba yotchingidwa ndi zitsulo pakhomo ndi pamawindo onse imatsekera kunja wakuba, komanso imatsekera mkati banja moto ukabuka. Kiyi wa chitseko cha zitsulo azikhala pamalo amodzi odziwika kwa onse a m'nyumba, pafupi ndi khomo, poti ndi mwana yemwe akhoza kumupeza mumdima.

Kusankha mmisiri

Safunsa anadya phula. Funso loposa onse ndi ili: "Kodi mungandionetse chitseko chimene munaika chaka chatha?" Chitseko cha sabata yatha sichinena kanthu. Chimene chapyola dzinja limodzi ndi chilimwe chimodzi ndicho mboni. Pitani mukachione, mukachitsegule ndi kuchitseka, ndipo mufunse mwini wake padera ngati mmisiriyo anasunga masiku, ngati anawonjezera mtengo ntchito ili mkati, ndiponso ngati anabwera atamuitananso.

Dziwani kumene mmisiriyo amagwirira ntchito. Wokhala ndi malo odziwika mudzamupeza mawa, pamene wongodziwika ndi nambala ya foni akhoza kusowa. Mapepala nawo amathandiza. Bungwe la TEVETA ndilo limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja m'dziko muno ndi kupereka masatifiketi a luso, ndipo masukulu monga Northern Technical College ku Ndola ndi Kitwe Vocational Training Centre atulutsa amisiri ambiri. Komabe alipo aluso amene anaphunzirira pashopu ndipo alibe pepala. Oterowo muwayese ndi ntchito yawo. Ngati ntchito ndi yaikulu, monga kumanga nyumba yosungiramo katundu ya kalabu kapena ya kopaletivu, funani kontirakitala wolembetsedwa ku National Council for Construction, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2003, limene limaika makontirakitala m'magulu kuyambira 1 mpaka 6 monga mwa kukula kwa ntchito zimene angathe.

Funsani mitengo kwa amisiri atatu, ndipo aliyense alekanitse mtengo wa zipangizo ndi wa ntchito ya manja ake. Wina akatsika kwambiri kuposa anzake, funsani chimene wachotsamo. Kawirikawiri ndi kuuma kwa matabwa, kuchindikala kwa chitsulo, hinjesi yachitatu kapena mtundu wa loko. Pa maloko olowa m'chitseko, wa malevala 2 ndi wa zipinda za mkati, pamene khomo lakunja lifuna wa malevala 3 kapena 5. Inunso musamufinye mmisiri mopitirira. Mukamutsitsa mpaka phindu lake litatha, adzalifuna m'zipangizo zimene inu simuziona.

Mgwirizano ulembedwe

Tsamba limodzi la m'kope ndi lokwanira. Lilembedwe kawiri, aliyense asunge lake, ndipo pasaine inu, mmisiri ndi mboni imodzi. Muchite zimenezi ngakhale mmisiriyo ndi mbale wanu kapena wa mumpingo mwanu, pakuti pepala limasunga chibale pamene chikumbumtima cha anthu awiri chasiyana. Pa tsambalo pakhale izi:

1. Muyeso wa chitseko, mtundu wa matabwa kapena kuchindikala kwa chitsulo, ndi mawu akuti matabwa akhale ouma.

2. Chiwerengero cha mahinjesi, mtundu wa loko, ndi amene adzagule zimenezi. Ngati agula ndi mmisiri, abweretse malisiti.

3. Amene adzakonze pulasitala wogumuka ndi kupaka penti kapena vanishi.

4. Mwini wa chitseko chakale ndi zotsala.

5. Tsiku loyamba ndi lomaliza.

6. Mtengo wonse ndi kaperekedwe kake.

7. Lonjezo lakuti mmisiri adzabweranso kamodzi nyengo ikasintha, kudzakonza popanda malipiro ena ngati chitseko chatupa kapena chasiya mpata.

Ndalama ziperekedwe m'magawo atatu: loyamba logulira zipangizo, lachiwiri chitseko chikafika pakhomo panu n'kuchiona, lachitatu chikaikidwa n'kuyesedwa. Gawo lomalizalo likhale lalikulu ndithu, loti mmisiri angalibwerere. Mukalipira pa Airtel Money kapena MTN Mobile Money, musafufute uthenga wake. Mukalipira pamanja, wolandira asaine. Ndipo ntchito ikatha bwino, lipirani tsiku lomwelo. Mmisiri naye ali ndi ana, ndipo mlimi wozengereza kulipira mbiri yake imafika kwa amisiri onse a m'dera.

Za masiku, ife osunga Sabata tizinena poyambirira kuti ntchito idzaima Lachisanu dzuwa lisanalowe. Musalole chitseko chakale kugululidwa Lachisanu masana, kuopa kuti nyumba ingagone yosatseka usiku uwiri. Lamulo labwino tsiku lililonse ndi lakuti chakale chisachoke chatsopano chisanafike, ndipo ntchito iyambe m'mawa. Amene muli pa lendi, pemphani chilolezo cha mwini nyumba, mugwirizane ngati ndalamazo zidzachotsedwa pa lendi, ndipo zimenezonso zilembedwe.

Zikavuta, yambani ndi kukambirana pamaso pa mboni ija. Zikakanika, ku Ndola ndi ku Kitwe kuli khoti la milandu ing'onoing'ono ya ndalama, lotchedwa Small Claims Court, kumene munthu amadziyankhulira yekha popanda loya. Kumeneko pepala lanu, malisiti ndi mauthenga a pafoni ndizo zidzakuyankhulireni.

Kuyesa ntchito musanalipire

Tsiku loika chitseko mukhalepo. Mmisiri akati watha, musafulumire kupisa m'thumba. Tsegulani chitseko theka n'kuchisiya. Chikayenda chokha, felemu kapena mahinjesi sizinaime chilili. Chitsekeni, muyang'ane mpata wa m'mbali ndi pamwamba. Ukhale wofanana ponseponse, wa mamilimita 3, woposa pang'ono mtengo wa machesi. Chitseko chakunja chikhale ndi mahinjesi atatu, bowo lililonse likhale ndi sikuluwu yake, ndipo masikuluwuwo akhale opotokoledwa. Okhomedwa ndi nyundo ngati misomali amazuka. Ngati chitseko chitsegukira kunja, mahinjesi ake amakhala panja, choncho akhale oti wakuba sangasolole kamtengo kachitsulo ka pakati pake.

Kiyi atembenuke mosavuta, popanda kunyamula chitseko kapena kuchikankha ndi bondo, ndipo lilime la loko lilowe lonse mu felemu. Loko abwere m'paketi yake yosatsegula, makiyi onse aperekedwe kwa inu. Penti kapena vanishi afike mbali zonse 6 za chitseko. Pamwamba ndi pansi ndi pamene amisiri amaiwala, chonsecho m'pamene madzi amalowera. Pisani kagalasi pansi kapena papasani ndi chala.

Pomaliza lowani m'chipindamo masana, mutseke chitseko, muone pamene kuwala kukulowera. Kakhoswe kakang'ono ka m'nyumba kamadutsa pampata wa mamilimita 6, ndipo khoswe wamkulupo amadutsa pa mamilimita 12. Pa chipinda cha zokolola kapena cha chakudya cha ziweto, mpata wa pansi uchepere pamenepo, ndipo m'munsi mwa chitseko cha matabwa mukhomedwe lata losalala lokwera mamilimita 300 kuti makoswe asachibowole.

Mnyamata wa ku Chimwemwe uja anabwerera kwa kalipentala yemwe uja, mkwiyo utaphwa. Anakhala pansi pamaso pa bambo ake, nalemba tsamba lawo. Mmisiriyo anavomera kupanga china osalipiritsa ntchito ya manja, mnyamatayo nagula matabwa othiridwa mankhwala, nawayesa pasikelo ya nkhuku mpaka kulemera kutaleka kutsika. Chitseko chatsopanocho chinaikidwa mu Novembala, ndipo mu Januwale mmisiriyo anabwera kudzachipala pang'ono monga analonjezera. Matumba 8 aja sanabwerere, ndipo anamubwezera m'mbuyo ndi gulu lathunthu la anapiye.

Sabata ino, aliyense alowe m'chipinda chimene amasungiramo mbewu ndi zokolola zake, atseke chitseko, ayang'ane kuwala, agogode felemu, aone mmene lilime la loko likulowera. Ophunzira amene muli pano tidzachitira pamodzi zimenezi pa nyumba yosungiramo chakudya cha ziweto, ndipo aliyense abwere ndi tepi yoyesera ndi kope lake. Amene mupeze cholakwika kwanu, funani mmisiri mvula isanagwe, matabwa akadali ouma.